Anaima ndi Tepi pa Kumeta kwa Bambo Ake

Mwana wanga Silvesta anandikana pabwalo, anthu akuona, tsiku lometa maliro a bambo ake. Anandikana chifukwa cha ndalama za ku koleji, zija amapatsa ana asukulu kuti akafufuze zinthu m'midzi pa tchuthi. Ndayamba ndi dzina lake dala, wina asadzanene kuti ndinazungulira. Ine ndine Esnart wa kwa Mpama, ku Chiradzulu kuno. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye amene akufuna mawu okometsera atsegule tsamba lina.

1

Amuna anga, a Timoti, anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ya a Rajabu ku Namadzi. Makina awowo ndi amene anatidyetsa, kutiveka, ndi kulipira fizi ya Silvesta mpaka anafika ku koleji ku Zomba. Anali makina akuda, opalasa ndi phazi. Kadirowa kake kanathyoka chogwirira, iwo anakhomerapo chitsekerero cha botolo. Mwana wathu wamkazi, Felista, anaphunzira kusoka pa makina omwewo ali wamng'ono, miyendo isanafike bwino pansi.

Chaka cha 1984 a Timoti anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa. Silvesta anabwera kudzawaona. Tinalipo atatu basi. A Timoti anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Makina aja asachoke pakhomo. Ndi a Felista ndi amayi ako. Achimwene anga a Robert ndikuwadziwa bwino. Iwe wamva, udzanene."

"Ndamva, bambo," anatero Silvesta.

Kwa inu a kutali, ndifotokoze. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Munda ndi nyumba n'zanga, palibe angazikhudze. Koma katundu amene mwamuna ankagwira ndi manja ake, abale ake amati ndi wawo, pokhapokha malemu atasiya mawu ndipo pali mboni. Mkazi wamasiye sakhala mboni, amati akudzikokera. Mboni yanga inali imodzi, mwana amene ndinabereka ndekha.

A Timoti anamwalira mu Malichi, Silvesta ali pa mayeso. Anafika titaika kale, ndipo tsitsi lake silinametedwe. Makina tinawatenga ku Namadzi n'kuwaika kuchipinda, kudikira tsiku lometa kachiwiri. Ndi tsiku lomwelo limene abale a mwamuna amasudzula mkazi, kumumasula pa ukwati, ndi kugawa katundu.

2

Mu Julaye, chiperoni chili pakati, Silvesta anatulukira pa njinga yatsopano, kumbuyo atamangirira tepi yojambulira mawu. Ndinasangalala. Ndinati mwana wabwera kudzakhala nane pa chisoni.

Atamwa tiyi anandifotokozera. Kuli bungwe lina la kunja limene limapereka ndalama ku koleji kwawo, kuti ana anzeru akagwire ntchito yofufuza pa tchuthi chachikulu. Wosankhidwa amalandira njinga, tepi ndi mabatire, ndalama ya chakudya, ndi ina yolipira nyumba imene akugona. Koma ndalamayo ili ndi malamulo ake. Usakafufuze m'mudzi mwanu. Ndalama ya nyumba isalowe m'manja mwa m'bale wako. Aphunzitsi adzabwera kamodzi kudzaona ngati ulidi kumene unanena, ndipo akakupeza wanama, ubweza zonse n'kukaonekera kwa akuluakulu.

Ndinamufunsa kuti nanga iye wapezeka bwanji kwawo. Anaseka. Anati m'mabuku a ku koleji kuno si kwawo.

Zimenezo n'zoona. Silvesta analemba Sitandade 8 kawiri osasankhidwa kupita ku sekondale. Bambo ake anamutumiza kwa msuweni wanga, a Kalinde, mphunzitsi ku Phalombe, kuti akabwereze ndi dzina latsopano, monga ankachitira ambiri nthawi imeneyo. Anasankhidwa ali Silvesta Kalinde wa ku Phalombe, ndipo dzinalo linamumamatira mpaka ku koleji.

Ntchito imene anasankha inali yofufuza miyambo ya maliro ndi moyo wa akazi amasiye.

"Ndiye wapeza wamasiye waulere," ndinatero.

"Waulere ayi, amayi. Ndalama ya nyumba ibwera kwa inu. M'malo mopatsa mlendo, idye inu ndi Felista. Chofunika n'chimodzi chokha. Tsiku limene aphunzitsi adzabwere, inu mudzakhale mayi wondisunga basi. Mudzanditchule a Kalinde."

Ndinavomera, sindikubisa. Ndalamayo ndinalandira, ndinagula feteleza ndi mchere. Kutchula mwana wako dzina lina tsiku limodzi si imfa. Koma ndinamufunsa kuti nanga tsiku lometa? Anandilonjeza kuti ziwirizi sizidzakumana, aphunzitsi adzabwera zometa zitatha.

3

Mudzi wonse unalowa m'sewerolo. Silvesta ankayenda khomo ndi khomo kujambula amayi okalamba, akumawasiyira sopo ndi kuwapempha kuti azimutchula a Kalinde. Anthu ankaseka. Amene anamuona akuyenda opanda kabudula ankamugwadira mwachipongwe. Felista ndiye anafika pomuikira madzi osamba n'kukuwa kuti, "A Kalinde a ku Phalombe, madzi azizira, kwanu mumasamba kodi?" Tinaseka koyamba chimwalirireni bambo awo.

Kenaka anabwera alamu anga a Robert kuchokera kwawo ku Mauwa, kudzapangana tsiku lometa. Nkhani ya a Kalinde anali ataimva kale panjira. Analowa kuchipinda osapemphedwa, n'kumasisita makina aja ngati akusisita mbuzi pamsika. Anafunsa ngati akugwirabe ntchito. Ndinawayankha kuti akugwira, ndipo mwini wake alipo. 

Potuluka anaitana Silvesta kuseri kwa khola. Anakhalako nthawi yaitali. Atabwera, a Robert ananena tsiku, Loweruka lina la mu Ogasiti, n'kukwera njinga. Silvesta sanadye tsiku limenelo. Anati mutu. Patapita masiku anapita ku Namadzi, ati kukagula mabatire, n'kubwerako dzuwa litapendeka, mabatire alibe. Ndinaona, koma ndinali ndi chimera choti ndianike ndi nkhuni zoti nditeme. Sindinafunse.

4

Loweruka lija anthu anadzaza pabwalo. Thobwa linali m'migolo. Abale a malemu anakhala mbali yawo, a kwathu mbali yathu. Mayi wometa anali atangotulutsa lezala pamene tinamva galimoto. Landirova yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango, n'kutsikamo bambo wa magalasi, wa jekete la bulauni.

Ndinayang'ana Silvesta. Sanandiyang'ane. Anathamangira kugalimoto, tepi ili paphewa.

Anabwera nawo pamene ndinakhala pamphasa. "Awa ndi mayi amene ndikugona kwawo," anatero. "Amuna awo anamwalira mu Malichi."

Aphunzitsiwo anali munthu waulemu, sindiwanamizira. Ananjuta, anandipepesa, n'kupempha ngati angakhale nawo pamwambo. Kenaka anandifunsa kuti ndili ndi ana angati.

"Wamkazi ndi uyo," ndinatero. "Wamwamuna ali kutali."

Anandimeta ine. Anameta Felista. Mayi wometa uja, mwa chizolowezi, anatembenuka ndi lezala kuyang'ana mwana wamwamuna wa malemu. Silvesta anawerama n'kuyamba kutsegula potsekera mabatire. Tsitsi lake linali lalitali, lopesa bwino, lonyezimira mafuta. Mayi uja anaima kanthawi, kenaka anapukuta lezala pansalu yake n'kukhala pansi. Palibe anaseka tsopano.

Atatulutsa katundu, a Robert anaimirira. Anatchula jekete, nsapato, wailesi, njinga yakale. Zonsezo sindinatsutse. Pomaliza anaika dzanja pa makina.

Ndinati makinawo ayi. Malemu anasiya mawu kuchipatala kuti ndi a Felista ndi ine.

"Alamu, aliyense akhoza kunena choncho," anatero a Robert, mofatsa, akuyang'ana aphunzitsi aja. "Mboni ilipo?"

"Ilipo."

Bwalo lonse linadziwa amene ndikunena. Malume anga anatsokomola. Ine ndinafuna kumupatsa mwanayo njira yoti alankhule osadziulula, ndiye ndinati, "A Kalinde, inu munalipo kuchipatala tsiku lija. Nenani zimene munamva."

Aphunzitsi anakweza mutu kumuyang'ana.

"Mayi, mwandisokoneza ndi munthu wina," anatero Silvesta. "Ine kuno ndabwera mu Julaye. Ndine mlendo, za m'banja mwanu sindingalowerere."

Atatero anasendeza cholankhulira cha tepi pafupi ndi pakamwa panga, kuti chimene ndinene chimveke bwino.

Mawu ndinali nawo. Ndikanangoti, iwe, ndinakubereka pa nyumba iyo, bwenzi zonse zitatha pomwepo.  Koma ndinakumbukira bambo ake akupalasa makina mpaka mapazi kutupa kuti fizi ikwane. Ndinatseka pakamwa. Tepi ija inajambula mpweya wanga basi.

Felista anagwira mwendo wa makina, anyamata a ku Mauwa anamumasula zala chimodzichimodzi. A Robert anaika kandalama m'mbale patsogolo panga n'kunena kuti andimasula, ndikhoza kukwatiwa. Aphunzitsi potsanzika anandithokoza, anati aphunzira zambiri, n'kundisiyira paketi ya shuga.

5

Silvesta sanakhalitse. Anamanga katundu wake n'kubwerera ku Zomba tchuthi chisanathe. Ine ndinakwiya, koma mumtima ndinkamupezera chifukwa. Ndinkati galimoto inamudzidzimutsa, mantha anamugwira, ndi mwana. Ndinkauza Felista zomwezo. 

Nandolo atauma ndinasenza dengu kupita kumsika ku Namadzi. Ndikudutsa pa sitolo ya a Rajabu ndinamva kulira kwa makina. Mkazi wa telala amadziwa kulira kwa makina a pakhomo pake. Ndinatula dengu. Pakhonde pomwe paja, pamalo pomwe ankakhala amuna anga, panali munthu wina akusoka yunifolomu. Pa kadirowa panali chitsekerero cha botolo.

Akazi a a Rajabu, a Subira, anandiona n'kundikokera kuseri kwa sitolo. Tinadziwana kalekale, ankanditumizira makeke a mpunga pa chikondwerero chawo. Anandipatsa madzi. Anati amuna awo anagula makinawo kwa a Robert, ndipo mtengo anagwirizana kale mwambo wometa usanachitike.

Ndinati sizingatheke, nthawi imeneyo makina anali kuchipinda kwanga.

"Mayi a Silvesta, ine ndimayesa munagwirizana," anatero. "A Robert anabwera ndi mwana wanu. Amuna anga anakana poyamba, anati katundu wa maliro amabweretsa milandu. Mwana wanu ndiye anatsimikiza kuti palibe adzadandaule. Ine ndinamufunsa ndekha, amayi ako akudziwa? Anati akudziwa."

Ndinakumbukira tsiku la mabatire lija. Nandolo ndinamusiya pomwepo, sindikudziwa anamutenga ndani. Ndinakwera basi ya ku Zomba.

6

Pachipata cha koleji ndinafunsa Silvesta Kalinde, dzina lija likundiwawa pakamwa. Atatuluka n'kundiona ndi mpango kumutu ndi matope kumapazi, sanandilowetse. Ananditengera kutali, kumitengo ya bulugamu m'mbali mwa msewu, kumene anzake sakanationa.

Sindinamupatse moni. Ndinamuuza kuti ndachokera kwa a Subira.

Anakhala pansi pa muzu. Anaulula zonse, mawu ali pansi. Kuseri kwa khola kuja a Robert anamuuza kuti akatsegula pakamwa pa za makina, iwo akwera basi kukauza a ku koleji kuti Kalinde si Kalinde, akufufuza kwawo, ndipo ndalama ya nyumba akudya amayi ake. Anamufunsanso tsiku limene aphunzitsi abwere, n'kuika mwambo wometa pa tsiku lomwelo, kuti akhale ndi chifukwa chokhalira chete pamaso pa anthu. Galimoto ija sinamudzidzimutse. Ankaidikira.

Anati ikanakhala nkhani yobweza ndalama yokha, bwenzi atalimba mtima. Koma akanayamba kufukula za dzina, masatifiketi ake onse ali pa dzina la eni. Akanamuchotsa sukulu chaka chomaliza.

"Ndiye unagula pakamwa pa a Robert ndi mawu a bambo ako," ndinatero.

"Dzinali ndinadzipatsa ndekha, amayi? Ananditumiza ku Phalombe ndani? Ndalama ya nyumba analandira ndani?"

Ndinamuuza kuti anamutumiza ku Phalombe kuti akaphunzire, osati kuti akaiwale amene anamubereka. Ndinamufunsa chifukwa chake sanabwere kudzandiuza tsiku lomwelo. Ndikanadziwa, bwenzi nditatuma malume anga kukakumana ndi a Robert, kapena makinawo ndikanawapereka ndekha ndi manja anga awiri chifukwa cha sukulu yake. Ndine mayi, ndikanatero. Koma anandisiya ndiitane mboni pabwalo, akudziwa kuti mboniyo anaigulitsa kale, iye n'kumajambula.

"Makina ndi chitsulo, amayi," anatero. "Ndikayamba ntchito ndidzagula ena."

Anatulutsa ndalama ya basi. Ndinaisiya pa muzu paja.

Felista sanasokenso. Chaka chotsatira anayamba ganyu yosankha fodya ku esiteti, n'kukwatiwa komweko ndi munthu amene sindikanamusankhira. Zala zimene zinkadziwa kulowetsa ulusi osayang'ana lero n'zakuda ndi utomoni wa fodya.

7

Papita zaka zisanu. Zimene Silvesta analemba za ife amasiye zinakondweretsa akuluakulu ake. Aphunzitsi a magalasi aja anamutenga kuti aziwathandiza ntchito, ndipo akumukonzera ulendo wokaphunzira kunja. Akuti tepi ya tsiku lija amailiza m'kalasi, ana a anthu n'kumamvetsera mmene wamasiye wa ku Chiradzulu analandidwira makina popanda womuyankhulira.

Mwezi wathawu anabwera pa galimoto ya hayala ndi chikatoni chachikulu. Makina atsopano. Anachiika pakati pa nyumba n'kugwada. Anati wakwaniritsa lonjezo. Anatinso wapeza mkazi, ukwati uli mwezi wamawa ku Zomba, ndipo a kuchikazi akudziwa kuti mayi ake ndine.

Mtima wanga unayamba kufewa, ndisaname. Ndinamufunsa kuti ndidzavale chiyani.

Anayang'ana pansi. Anati pali kanthu kakang'ono. Mlendo wolemekezeka paukwatipo ndi aphunzitsi aja, ndipo nkhope yanga akuikumbukira, amafunsa za ine kawirikawiri. Mapepala a ulendo wakunja sanasainidwe. Ndiye wapempha akazi a msuweni wanga uja, a Kalinde, kuti adzakhale pa mpando wa amayi a mkwati. Ine ndidzabwere ndithu, adzandilandira bwino, adzalengeza kuti ndine mayi amene ndinamusunga pa kafukufuku.

"Tsiku limodzi lokha, amayi."

Ndinamuuza kuti tsiku limodzi ndinamupatsa kale.

Chikatoni chija sindinachitsegule. Chili pomwe anachisiya, nkhuku zimakwerapo. Felista anabwera ndi ana ake awiri, anachizungulira, analira, anati amayi titsegule, ine ndatopa ndi fodya. Ndinamuuza kuti adikire. A kumpingo abwera kawiri kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawafunsa ngati munthu amakhululukira chinthu chimene chikuchitikabe. Anati apemphera.

Tsopano ndikufunsa inu owerenga, makamaka inu amene munadya ndalama za koleji ndipo mukudziwa malamulo ake. Amene analemba lamulo loti mwana asafufuze kwawo mwina anali ndi chifukwa chabwino, sindikulimbana nawo. Dzina la koleji sindinalitchule, la aphunzitsi sindinalitchule, ndipo a Kalinde ndi ambiri m'dziko muno. Mwana wanga ndikumutetezabe ngakhale pano, onani uchitsiru wa kubereka.

Koma ndagula lezala latsopano ku Namadzi, ndalimanga pa nsonga ya nsalu imene ndidzavale. Tsitsi la Silvesta silinametedwebe pa maliro a bambo ake. Nthawi yoponya ndalama ikadzafika, anthu akuvina kupita kutsogolo, ine ndikhoza kudzavina nawo, n'kuika lezalalo m'mbale pamaso pa aphunzitsi ake, n'kunena dzina la amene anamubereka. Ndikatero ulendo wakunja watha, mwina ndi ntchito yomwe, ndipo thukuta la a Timoti ndalitaya ndi manja anga. Ndikapanda kutero, ndikhala kumbuyo ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, kuombera m'manja mkazi wina atakhala pa mpando wanga, n'kubwera kudzatsegula katoni.

Musandilembere kuti ndipemphere, ndapemphera. Musandiuze kuti mwana ndi mwana, ndinamubereka ndine. Ndiuzeni chimodzi: lezalali ndiliike m'mbale, kapena ndilisiye pa nsonga ya nsalu? Ukwati uli pafupi. Ndiyankheni.